Hyundai Ioniq 6 ndi GMC Hummer EV: Kukula kwa Batire ndi Kutalika kwa Ulendo

Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto yamagetsi yokhala ndi batire lalikulu ndiyo imapita patali, koma galimoto ziwirizi zikutsutsa maganizo amenewo. Hummer EV yoyamba, yomwe inayamba kugulitsidwa ku America kumapeto kwa chaka cha 2021, ili ndi batire loposa 200 kWh (kWh ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga), ndipo kampani ya GMC inalengeza kuti imayenda makilomita pafupifupi 530 ikatchajidwa mokwanira. Ioniq 6 ya 2023, yokhala ndi batire la 77.4 kWh lokha, malinga ndi bungwe la boma la America loona za chilengedwe la EPA, imafika makilomita pafupifupi 580.

Kusiyanaku kumachokera pa kulemera ndi kaumbidwe. Hummer imalemera matani oposa anayi, ndipo batire lake lokha limaposa tani imodzi, kotero kuti magetsi ambiri amathera pa kunyamula batire lomwelo. Kutsogolo kwake nakonso n'kotambalala, motero imalimbana ndi mphepo ikamathamanga. Ioniq 6 ndi yaifupi msinkhu komanso yosalala, ndipo pa magetsi ofanana imayenda mtunda wotalika pafupifupi katatu, zomwe zikutanthauza ndalama zochepa komanso nthawi yochepa potchaja kunyumba.

Hummer ili ndi ubwino wake, chifukwa imakoka ngolo yolemera ndiponso imadutsa m'misewu yokumbika, kumene Ioniq 6 ingakhule pansi. Komabe kwa munthu amene maulendo ake ndi a pamsewu wa phula, Ioniq 6 ndiyo yoyenera.