SMS, app kapena kakiyi: njira yomwe inshuwalansi ikufuna, ndi yomwe inandikhaulitsa

Anzanga atatu a kutchalitchi kuno ku Manchester andifunsa funso limodzimodzi: fomu ya inshuwalansi yoteteza bizinesi kwa akuba a pa intaneti ikufunsa ngati muli ndi MFA, ndiye tisankhe iti? MFA ndi chitseko chachiwiri chija, choti ukalemba pasiwedi uonetsenso kuti ndiwedi. Ine ndili ndi kakampani kokonza m'maofesi, antchito asanu ndi awiri, ndipo njira zonse zitatu ndaziyesapo.

Choyamba, musaname pa fomuyo. Mu 2022 ku America, kampani ya inshuwalansi ya Travelers inatengera kukhoti kasitomala wake, International Control Services, chifukwa analemba kuti MFA ilipo pomwe sinali paliponse pomwe imafunika. Pangano linathetsedwa, iwo atabedwa kale. Kuno ku UK satifiketi ya Cyber Essentials, yosonyeza kuti bizinesi ili ndi chitetezo cha pa intaneti, nayonso imafuna MFA pa maakaunti a pa intaneti, ndipo bizinesi yaing'ono ikaipeza imalandiranso inshuwalansi ya mpaka £25,000.

Nambala yobwera pa SMS ndi yomwe ndinayamba nayo, chifukwa sifuna kuphunzitsa munthu. Fomu yanga inaivomereza. Koma chaka chatha malume anamwalira, ndinathamangira kumudzi ku Ntcheu, mwezi uli kumapeto. Tsiku lotsatira maliro ndinakhala pakhonde ndi laputopu kuti ndilipire antchito. Pasiwedi ndalemba, makina akuti takutumizirani nambala. Nambala ija osabwera. SIM yanga ya ku UK inali itangoti zii. Ndinakwera pachulu kuseri kwa nyumba, foni m'mwamba ngati ndikuitana mvula, ana akundiseka. Madzulo ndinapita kuboma, mauthenga anayi anafika nthawi imodzi, onse atatha kale ntchito. Nditaimbira kampani ya foni anandisunga pamzere nthawi yaitali, ndipo bilu ya kuimba kumeneko ndinaiona nditabwerera, mutu unandiwawa. Antchito analandira malipiro mochedwa ndi masiku atatu. Mayi wina lendi yake inadutsa tsiku, ndipo mpaka lero ndikamuona ndimachita manyazi. Onjezani apo kuti akuba amatha kunyengerera kampani ya foni kuti isamutsire nambala yanu pa SIM yawo. SMS ine ndinaisiya, ndipo sindiikhululukira.

App ngati Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator ndi yaulere. Imapanga yokha nambala ya madijiti 6 yomwe imasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndipo sifuna netiweki. Pachulu paja sindikanakwera. Vuto lake ndi foni ikatayika kapena kugwera m'ndowa, zomwe pa ntchito yathu zimachitika. Manambala apadera olowera foni ikatayika, omwe amakupatsani poyamba, asindikizeni, muwasunge m'kabati. Chinanso, wantchito wina anakana kuika app ya kuntchito pa foni yake, ndipo sindinamutsutse, foni ndi yake.

Kakiyi ngati YubiKey kamaoneka ngati fulashi. Mumakalowetsa mu kompyuta n'kukakhudza ndi chala. Pa zitatuzi ndi kokhako komwe sikapusitsidwa ndi tsamba lonamizira la banki kapena imelo, chifukwa kamazindikira adiresi yeniyeni. Koma nkogula, ndipo wogulitsa sakuuzani msanga kuti mufunika tiwiri pa munthu aliyense, kena kosungira. Si mapulogalamu onse amene amakalandira. Ya malipiro yomwe ndimagwiritsa ntchito imakakana.

Ndiye ndinachita chonchi: antchito ena onse ali pa app, amene anakana uja ndinamugulira kakiyi, ndipo imelo yanga, yomwe ili ngati khomo la zonse, ili pa tikiyi tiwiri. Kamodzi kali pa makiyi a galimoto, kena kali ndi mayi a kunyumba.