Super Star Destroyer ya Armada: chichombo chodzaza tebulo, koma funsani kaye anzanu osewera nawo

Amene mumasewera Star Wars: Armada, gemu ya patebulo yomenyanitsa tizombo ta mumlengalenga, mbali ya Empire ndikudziwa kuti chichombo ichi cha Super Star Destroyer mwakhala mukuchisirira, ndiye ndati ndikuuzeni mmene ndachionera ineyo nditachisewera ndithu, osati kungochiona pazithunzi ayi. A Fantasy Flight Games anachitulutsa mu 2019 pa mtengo wa $199.95, ndipo kutalika kwake ndi mainchi 24, kapena kuti masentimita 60 ndi kakanthu. Bwalo la Armada limakhala mafiti 6 mulitali ndi 3 mulifupi, ndiye mukangochigoneka chambali chadya kale gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa tebulo. Chimakhala pa mabesi awiri osati imodzi ngati zombo zinazi.

Pa maonekedwe sindingachinyoze olo pang'ono. Chimabwera chopentapenta, palibe zogwira bulashi, mtundu wake wotuwa uja, ndipo pamsana pake pali timanyumba ndi timizere tambirimbiri toti ukaweramira pafupi umangoona ngati mzinda wathunthu wakwera chombo. Anthu oti gemuyi sakuidziwa nkomwe amaima nkuyamba kufunsa kuti kodi chimenechi nchiyani. Za sikelo zokha musawerengere, munkhani za Star Wars chombochi, chotchedwa Executor, ndi cha makilomita 19 pomwe Imperial Star Destroyer wamba ndi kilomita imodzi ndi mamita 600, akanati atsatire zimenezo chikanapitirira tebulo nkukagunda khoma, ndiye anachichepetsa ndipo anachita bwino.

Tsono nkhani ili pa makadi. Mubokosimo muli mitundu inayi ya chombochi: Command Prototype ya mapointi 220, Assault Prototype ya 250, Executor I ya 381 ndi Executor II ya 411. Gemu wamba ya Armada ndi mapointi 400 ndipo pamenepo umayenera kulipiranso komanda wako, khadi la mkulu wotsogolera zombo zako. Werengani nokha. Executor II yapitirira kale isanakwere olo munthu, Executor I ukangoikapo komanda basi wadumpha malire. Ndiye Executor yeniyeniyo imene anthu ambiri amagulira bokosili, ya hull 33 (hull ndi kuchuluka kwa mabala amene chombo chingapirire chisanaphwanyike), simungaisewere pokhapokha mutapangana ndi anzanu gemu yaikulu ya Sector Fleet, ya mapointi 600 kupita mtsogolo, ndipo magemu amenewo amadya tsiku ndithu, si zoti mwakumana madzulo mwasewera mwabalalika. Masiku ambiri mudzakhala mukusewera ma prototype awiri aja a hull 22. Ichi nchimene ndikanakonda aliyense adziwe ndalama isanatuluke mthumba.

Koma olo prototype yomweyo si yamasewera, hull 22 ndi kawiri ya Imperial Star Destroyer imene ili ndi 11. Mbali zowombera zilipo 6 m'malo mwa 4, ndipo chimawombera katatu pa ulendo umodzi pomwe zinzake zimawombera kawiri. Ukatembenuza dayilo ya lamulo, kachida kosankhirapo chimene chombo chichite, umalandiranso tokeni ya lamulo lomwelo yaulere. Palinso tokeni ya pass yokulola kudikira kuti mnzako asunthe kaye, zimene zimathandiza poti mapointi ako ambiri uwathira pa chinthu chimodzi ndipo zombo zoti uzisuntha uli nazo zochepa.

Kukoma kwake kumaoneka kachombo kakang'ono kakalakwitsa njira. Mnzanga wina anayerekeza kudutsitsa kachombo kake ka CR90 kutsogolo kwenikweni poganiza kuti kathamanga kadutsa, koma chida choyezera mayendedwe chinakaimika pakamwa penipeni pa chilombo. Madayisi ofiira ndi abuluu odzaza mmanja, kuponya kamodzi, tokeni yake yozembera ya evade sinathandize kanthu poti anali wayandikira kwambiri, ka hull 4 kaja kanangochoka patebulo iye asanamalize nkomwe kuwerenga zimene zagwa. Tinaseka mpaka misozi, mwini wakeyo anasekanso koma kuseka kwa mano okha.

Vuto nkuyenda. Liwiro lake limathera pa 2, ndipo popanda lamulo lowongolera la navigate chimangolunjika kutsogolo ngati lole yodzaza katundu yoti chiwongolero chalimba. Onjezani apo kuti madayilo ake amasanjidwa anayi, kutanthauza kuti lamulo limene mukusankha pano lidzagwira ntchito patapita maraundi angapo, mu gemu ya maraundi 6 okha. Ndiye gemu yambiri imathera pa kuika zombo poyamba paja. Mukachiloza kolakwika mwagwa nayo, mdani wochenjera amangozembera kumbali nkukakhala kumbuyo kumene mfuti zake nzochepa, inu nkumangoyang'ana chichombo chanu chikupita kopanda anthu. Ma B-wing ndi ma Y-wing, tindege tankhondo ta mdani, akachiunjikira nawonso amachikukuta pang'onopang'ono, ndipo mdani sakufunika kuchiphwanyiratu ayi, akangochivulaza kufika theka la hull amatenga theka la mapointi ake. Musachitulutse chokha chopanda ma TIE ochiteteza, tindege tankhondo ta Empire, mudzalira.

Apa mpamene ndimagawanika maganizo. Gemu iliyonse imene chilipo imasanduka funso limodzi, kodi mnzangayu achigwetsa kapena achithawa? Koyamba zimasangalatsa kwambiri, koma mukamasewera ndi munthu yemweyemweyo sabata ndi sabata amayamba kubwera ndi gulu lopangira chombo chanu chokhacho, kapena amangochizemba nkumatola mapointi a objective, cholinga chapadera cha gemuyo, ndipo ena amachita kunena poyera kuti lero chilombocho chisiye kunyumba. Sindiwadandaula.

Makadi owonjezera ndi abwino ndipo ena amagwira pa zombo zina za Empire. Admiral Piett amasandutsa tokeni kuti igwire ntchito ngati dayilo, zimene zimagwirizana kwambiri ndi chombo choti matokeni chimangolandira aulere. Emperor Palpatine ndiye wankhanza, amasankha mtundu wa tokeni yodzitetezera ndipo mdani akaigwiritsa ntchito raundi imeneyo yapita basi. Pa maina a chombo pali Executor, Eclipse, Annihilator ndi Ravager, ine wanga ndi Ravager poti amalola tokeni ya concentrate fire kuwonjezera dayisi m'malo mongoponyanso.

Chibokosi chake musataye, palibe chikwama cha timazombo chimene chingakwane, ndipo nsonga yakutsogolo ija ndi yosongoka yoti kungoigunditsa pachitseko mtima umadumpha.

Za kupezeka kwake, Armada inasamukira ku Atomic Mass Games kumapeto kwa 2020 ndipo mu June 2024 analengeza kuti asiya kupanga zatsopano za gemuyi, ndiye mukachipeza mwina chikhala chogwiritsidwapo kale ntchito. Ngati ndi choncho onetsetsani kuti mabesi onse awiri alipo, timitengo toimikira, madayilo, matokeni ndi makadi onse a chombo aja. Amene mwangoyamba kumene gulani kaye Imperial Star Destroyer ndi ma squadron, timagulu ta tindege tankhondo, muphunzire kukhota ndi chombo chomvera. Koma ngati muli ndi gulu lokonda magemu aakulu a mapointi 800 komanso tebulo loti simulichotsa msanga, tengani, pamenepo mpamene Executor II imaonetsa chimene munalipirira.