Kukana kapena kusaina: njira ziwiri za Acherokee

Acherokee ndi umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, ndipo boma la America ndi la chigawo cha Georgia ankafuna kuwachotsa pa nthaka yawo. John Ross, mfumu yaikulu ya Acherokee, anasankha kukakamira nthaka ya makolo podalira malamulo. Mu 1832 khoti lalikulu la America linagamula mowakomera pa mlandu wa Worcester v. Georgia, koma Pulezidenti Andrew Jackson anangokhala chete, osaonetsetsa kuti chigamulocho chitsatidwe.

Major Ridge, mtsogoleri wina wa Acherokee, anaona kuti kulimbana n'kutaya nthawi. Mu 1835 iye ndi kagulu kochepa anasaina pangano la New Echota, n'kugulitsa dziko ku boma la America pa madola 5 miliyoni, mtundu usanawatume. Pamenepa ndi pomwe pandivuta ine.

Ross anasonkhanitsa masiginecha oposa 15,000 okana panganolo, koma asilikali a boma la America anabwerabe kudzawasamutsa mu 1838. Anthu pafupifupi 4,000 anafa pa msamuko wopita ku Oklahoma ya lero, kuphatikizapo Quatie, mkazi wa Ross. Ridge anali atasamuka kale mwamtendere, koma mu 1839 Acherokee anzake anamupha.