Sony STR-DH190: imalira bwino, koma si sipika iliyonse yoyenera

Sony STR-DH190 ndi wailesi ndi ampulifaya m'bokosi limodzi, yoyendetsa masipika awiri, yakumanja ndi yakumanzere. Kampani imati mbali iliyonse imatulutsa ma watt 100 pa sipika ya ma ohm 8. Pabalaza la nyumba wamba pa Chitakale kapena ku Luchenza mphamvuyi ndi yokwanira mpaka kutsalako, ndipo mawu ake ndi oyera. Ya pa ukwati kapena chinkhoswe si imeneyi.

Musanalipire, itembenuzeni muwerenge kumbuyo. Magetsi athu ndi a ma volt 230, pamene zopangidwira America zimafuna 120, za ku Japan 100. Yotereyi mukailowetsa pa soketi popanda thiransifoma yotsitsa magetsi, imapsa nthawi yomweyo.

Nkhani yaikulu ili pa masipika. Makinawa amafuna a ma ohm 6 mpaka 16 (ohm ndi muyeso wa momwe sipika imakanizira magetsi). Masipika ambiri a m'galimoto ndi a 4, ndipo aja ang'onoang'ono obwera ndi DVD ya masipika asanu kawirikawiri amakhala a 3 kapena 4. Ma ohm akachepa, sipika imakoka magetsi ambiri kuposa amene ampulifaya ingapirire. Ampulifayayo imatentha, kenako imalemba chenjezo la chitetezo n'kudzithimitsa yokha. N'chimodzimodzinso mukapanikiza masipika awiri a ma ohm 8 pamalo amodzi: awiriwo amasanduka 4. Sipika yopanda cholembedwa iyezeni ndi mita ya amisiri a wailesi; ya 8 imaonetsa cha m'ma 6, ndipo pamenepo palibe vuto. Masipika okhala ndi ampulifaya yawoyawo, aja olumikiza ku magetsi, musawamangirire pamenepa ayi.

Polumikiza, yambani mwazula pulagi. Waya wa kopa wa 1.5 mm² ndi wokwanira ngati sipika ili mkati mwa mamita 10. Sendani mamilimita 10 okha, potani tiwaya tonse tigwirane, dinani kopanira, lowetsani, n'kukoka pang'ono muone ngati kagwira. Kawaya kamodzi kothawa kakakhudza mnzake, chenjezo lija labwera. Apa Sony inachita ulesi: topanira take ndi ta sipuling'i, tating'ono, sitilandira waya wonenepa. Chofiira chipite ku chofiira, chakuda ku chakuda, mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa sipika imodzi sichipsa chilichonse, koma besi imathawa, nyimbo n'kumveka yopyapyala. Zizindikiro zikafufutika, gunditsani mawaya a sipika pa batire ya tochi ya 1.5 V kamphindi chabe. Pepala la sipika likatulukira kunja, waya amene ali kumutu kwa batire ndiye wa chofiira.

Bluetooth yake imagwira foni mosavuta. Polowetsa ma RCA, aja ofiira ndi oyera, alipo anayi, okwanira dikoda ndi DVD. Palinso pena polembedwa PHONO, pa galamafoni yokha; mukaikapo dikoda mawu amasweka chifukwa pamenepo amakwezedwa kwambiri. Chokhumudwitsa n'chakuti ilibe HDMI, ilibe optical (polumikizira mawu a makanema atsopano), ilibenso potulukira subwoofer (sipika ya besi). Makanema ambiri atsopano alibe RCA yotulutsa mawu, choncho mudzagulanso kabokosi kosintha optical kukhala RCA, ndipo pa kanemayo, posankhira mtundu wa mawu otuluka, musankhe PCM, apo ayi simumva kanthu kapena mumva phokoso lokhalokha.

Kuno kwathu pali adani ena. Chiperoni ikagwira masiku atatu, chinyontho chimalowa paliponse, kopa wosendedwa amada, mbali imodzi n'kuyamba kudukiza. Dulani nsonga yakudayo musende pena. Makinawa akhale pa shelefu, osati pansi pa simenti, atalikirane ndi khoma, ndipo chonde kansalu kokongoletsa kaja musakayale pamwamba, chifukwa timabowo timeneto ndi totulutsira kutentha. Nyengo ya mvula ziphaliwali za m'phiri la Mulanje si zocheza: zulani pulagi ndi eriyo yomwe. Magetsi akathima thimitsaninso pa soketi, popeza amawononga pobwerera. A sola dziwani kuti inveta zotchipa zimaliritsa thiransifoma ya mkati, kung'ung'udza kwake n'kumamveka m'masipika. Funani inveta yolembedwa kuti pure sine wave.

FM imadalira pamene mwakhala. Kwa amene phiri la Mulanje lawatchinga, kawaya ka eriyo kobwera m'bokosi sikakwanira. Katambasuleni konse cha pa windo, ndipo MBC kapena Zodiak ikamatsokomolabe, ikani eriyo yakunja pa mtengo wautali kuposa denga la malata.