Nkhope ya amayi inatuluka mumthunzi, koma mwini sitolo uja sanapepese

Ndinagula sikana ya Plustek OpticFilm 8200i (makina olowetsa zithunzi za pa filimu m'kompyuta) yogwirapo kale ntchito pa sitolo ina ya makamera kuno ku Johannesburg. Sikana imeneyi ngakhale yakale siitsika mtengo kwenikweni. Ndinaigulira chinthu chimodzi chokha: katoni ya masilaidi (tizithunzi ta pa filimu toonetsa ndi pulojekita) a malemu bambo anga, imene achemwali ananditumizira pa basi kuchokera ku Dedza atamaliza kulongosola katundu wa m'nyumba. Ambiri ndi Kodachrome, a m'timafelemu ta pepala lolimba, ojambulidwa m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa 1980. Filimu imeneyi Kodak inasiya kuipanga mu 2009, ndipo silaidi ilibe negativi yoti mukatsukitsenso. Chimene chili m'katonimo ndi chokhacho.

Ndiyambe ndi mwini sitoloyo, chifukwa mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Ndinamupempha kuti titsegule bokosi pompo ndione zamkati. Anakana, akuti zonse zilimo, palinso anthu ena akudikira. Panalibe munthu. Nditafika kunyumba ndinapeza kuti chogwirira masilaidi, chija chimalowa anayi nthawi imodzi, chinali chosweka pa kadzino kamene kamapana felemu. Ming'alu yake inali yakale, yolowa fumbi. Ndinaganiza kuti ndi nkhani yaying'ono. Sinali yaying'ono.

Kwa amene simunaigwiritsepo ntchito: makinawa amabwera ndi pulogalamu ya SilverFast, ndipo mmenemo muli batani lotchedwa Multi-Exposure. Mukalitsegula, makina amayenda pa filimu kawiri. Ulendo woyamba amatenga chithunzi ndi kuwala kwa nthawi zonse, kuti thambo, malaya oyera ndi malata asapserere. Ulendo wachiwiri amachedwa dala kuti kuwala kochuluka kudutse malo amene utoto wa filimu uli wokhuthala, ndiye kuti mumthunzi. Kenako pulogalamu imaphatikiza ziwirizo: zowala imatenga ku choyamba, zakuda ku chachiwiri. Koma kuti zitheke, silaidi iyenera kukhala phee pa maulendo onse awiri. Yanga inkasuntha pang'ono chifukwa cha kadzino kaja. Zithunzi zinkatuluka za mizere iwiriiwiri, munthu mmodzi makutu anayi, masamba a mtengo ngati ukuwaona uli ndi chizungulire.

Ndinabwerera Loweruka ndi chogwirira chija m'manja. Mwini sitolo sanachigwire n'komwe. Anati ndachiswa ndekha. Nditamuonetsa zithunzi pa foni anati batani limenelo ndi lokopera ogula chabe, ndilitseke ndisiye kumuvutitsa. Munthu wogulitsa makamera kulankhula choncho pa katundu amene wangondigulitsa! Ndinatuluka ndikunjenjemera, ndipo ndemanga ino ndikanailemba tsiku lomwelo bwenzi muli mawu amene sindikanawanyadira.

Ndili pa khomo anandiitana mtsikana wina amene amagwira ntchito yotsuka mafilimu kumbuyo kwa sitoloyo. Anapempha kuona foni. Anangokulitsa chithunzi chimodzi ndi zala, n'kunena kuti vuto si makina, silaidi ikuyenda pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri. Analowanso, anafufuza m'dirowa, n'kutuluka ndi chogwirira china chabwinobwino cha makina amtundu womwewo amene anawonongeka kalekale. Sanandilipiritse. Anandilangizanso kuti makinawa ndisawaike pa tebulo lomwe ndikutaipirapo, ndiwaike pa malo olimba, ndipo akayamba kulira ndichotse manja. Chemwali, ngati mungawerenge izi, zikomo kwambiri. Inu ndi amene mwachititsa kuti sitolo yanuyo ndisaitchule dzina.

Tsopano chimene chandipangitsa kulemba.

Muli silaidi imodzi imene bambo analembapo ndi bolopeni pa felemu: 1979. Ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana. Bambo ankationetsa pa chipupa usiku ndi pulojekita yobwereka kusukulu, ndipo nthawi zonse ikafika imeneyi ankati, "Amayi anu ali apo," akuloza pakhonde. Ife tinkangoona bwalo lowala ndi dzuwa la masana, mtondo, nkhuku ziwiri, ndi khonde lakuda bii. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Zithunzi zawo tili nazo ziwiri zokha, chimodzi cha pa chiphaso, china cha pa ukwati ataima kutali.

Poyamba ndinaipanga sikani ya ulendo umodzi, n'kuyesa kukweza kuwala pakompyuta. Pakhonde paja panangodzaza timadontho tofiira ndi tobiriwira ngati mchenga wothiridwa utoto, ndi mizere yopyapyala yodutsa. Unkaona kuti pali munthu wokhala pansi, basi. Chifukwa chake n'chosavuta: kuwala kumene kumadutsa malo okhuthala chotero n'kochepa kwambiri, moti ukakukweza umakwezera limodzi zinyalala za makina eni ake.

Ndiye ndinaika makina pansi pa simenti, silaidi m'chogwirira chatsopano, ndinatsegula Multi-Exposure, ndinasankha kuti filimu ndi Kodachrome kuti ubuluu umene imatuluka nawo pa sikani uchoke, ndinakhala patali manja ali m'thumba. Makina anayenda, anabwerera, anayendanso pang'onopang'ono. Chithunzi chitabwera, poyamba chinkaoneka chimodzimodzi. Khonde linali lakudabe. Koma nditayamba kukweza kuwala kwa mumthunzi, mchenga uja sunabwere. M'malo mwake kunayamba kutuluka lichero. Kenako manja awiri ogwira licherolo. Kenako mpango wa maluwa ang'onoang'ono achikasu, womangidwa mfundo kutsogolo. Kenako nkhope, yoyang'ana kwa wojambula, pakamwa potseguka pang'ono ngati akunena kuti musandijambule ndili ndi ufa. Pa phewa lawo lamanzere panali kamutu ka mwana ali kumbuyo. Mu 1979 wakhanda m'nyumba mwathu ndinali ine.

Ndinangoti kakasi. Sindikudziwa kuti ndinakhala pansi paja nthawi yaitali bwanji. Bwalo lowala lija silinapserere, nkhuku zili pomwepo, mtondo uli pomwepo, koma tsopano pakhonde pali munthu. Zonsezi zinali mufilimu zaka zoposa 40, bambo ankanena zoona, pulojekita ndi maso athu ndi zimene sizinkafikapo. Ndinatumiza kwa achemwali pa WhatsApp usiku womwewo. Anaimba nthawi yomweyo, koma kwa mphindi zingapo palibe amene analankhula. Atayamba anati, "Achimwene, mpango umenewu ndikuukumbuka."

Musaganize kuti batanili limachita zozizwitsa pa chilichonse. Kumene filimu inada kotheratu kulibe chotuluka. M'kati mwa chitseko kumbuyo kwa amayi n'kwakudabe, ndipo ndakusiya choncho. Nthawi ya sikani imawirikiza, ndiye ndi katoni yodzaza ndimalitsegula pa masilaidi okhawo a mthunzi wambiri. Pa manegativi achikuda, amene chogwirira chake chimatenga mzere wa zithunzi 6, ndinayesa kangapo ndipo kusiyana sindinakuone kwenikweni, chifukwa negativi siikhuthala ngati silaidi, komanso malo ake okhuthala ndi a thambo osati a mthunzi. Makinawa amafika pa 7200 dpi (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi imodzi), koma pamenepo chithunzi chimodzi cha 35mm chimadya pafupifupi 400 MB mukachisunga ngati TIFF ya 48-bit. Ine ndakhazikika pa 3600 dpi, pafupifupi 100 MB, ndipo nkhope ya amayi inatuluka pamenepo.

Chinanso chimene mtsikana uja anandichenjeza ndipo ndachiona ndi maso: chochotsera fumbi cha infrared (kuwala kosaoneka ndi maso), chimene SilverFast imachitcha iSRD, chimathandiza kwambiri pa mafilimu achikuda wamba, koma pa Kodachrome muzisamala nacho, chifukwa utoto wake umatchinga kuwala kwa infrared ndipo makina angathe kuyesa m'mphepete mwa chinthu chakuda ngati fumbi. Pa filimu yakuda ndi yoyera ya siliva muzichitseka basi. Ine ndimapemerera fumbi ndi kapampu ka mphira, zotsala ndimachotsa ndi dzanja pakompyuta.

Makina ndikuwapatsa nyenyezi zisanu. Mtsikana wa kumbuyo uja zisanu. Mwini sitolo ndinamutumizira chithunzi cha pakhonde chija, cha ulendo umodzi ndi cha maulendo awiri pambalipambali, kuti aone batani limene ankalinyoza. Anawerenga, sanayankhe. Mkwiyo wanga watsika, chifukwa popanda sitolo yake makinawa sindikanawapeza, ndipo wantchito wake anakonza chimene iye anakana kukonza. Koma mukakagula kumeneko kapena kwina kulikonse, tsegulani bokosi pa kauntala, lowetsani silaidi m'chogwirira, muigwedeze ndi chala. Ikasuntha, musalipire.

Kwatsala theka la katoni. Achemwali ati ndiyambe ndi onse amene ali ndi khonde lija.