Amayi ophika a ku Area 25: ndiwo zokoma, koma nthawi sasunga

Ngati mukuyembekezera alendo ambiri pakhomo ndipo simukufuna kuthera tsiku lonse pa mbaula, ayeseni amayi ena a ku Area 25 amene amaphikira anthu m'makomo. Amabwera ndi mapoto awo akuluakulu, makala ndi atsikana awiri owathandiza. Inu mumangogula zophikazo.

Ife tinawaitana amayiwa apongozi athu atabwera kuchokera ku Dedza. Mpunga wa Kilombero unapsa bwino, wosaphathana, fungo lake mpaka kwa aneba. Nkhuku ya lokolo inafewa, koma nkhwani wotendera ndi umene unatha msanga kuposa nyama. Chambo chokha ndiye anachiumitsa kwambiri m'mafuta.

Chimene ndinawakondera n'china. Mukuidziwa Lilongwe, mukaitana munthu mmodzi amabwera ndi anzake. Bambo wina amene sitinawaitane anatulukira ndi kontena m'jumbo, n'kulunjika kukhitchini. Ine manyazi, mawu osatuluka. Amayiwo anangowerama pang'ono n'kunena kuti, "Bambo, takhalani kaye pampando, mphika sitivundukula akuluakulu asanasambe m'manja." Bambowo anakakhala pansi osakhumudwa, ndipo pochoka anawaikirako kampunga m'kontena muja, mwakachetechete kuseri kwa nyumba.

Vuto lawo ndi nthawi. Tinagwirizana 8 koloko, iwo anafika cha m'ma 10, ati minibasi zinavuta. Muziwauza nthawi yam'mawa kuposa yeniyeniyo. Theka la ndalama amafuna tsikulo lisanafike, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mapoto ndi mbale amatsuka okha asanapite.