Thandizo la nyumba la Medi-Cal, ndalipatsa 4 pa 5

Ambiri sadziwa kuti kuno ku California inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, Medi-Cal, imathandizanso anthu ogona mumsewu kupeza pokhala. Zinayamba mu 2022 ndi pulogalamu ya CalAIM. Mnzanga wina wodwala shuga ankagona m'galimoto, insulin kumangowonongeka ndi kutentha poti furiji analibe, kenako basi ambulansi, kugonekedwa, kutuluka, kubwereranso. Boma linaona kuti zimenezi zikudya ndalama kuposa nyumbayo.

A Medi-Cal anamupatsa mnzangayo mayi wina womusakira nyumba, amayiwo ndiye anagwira ntchito zedi, kudzaza mafomu, kumupezera ID ina poti yake inatayika kalekale, kunyengerera malandilodi amene akangomva zoti munthu alibe ntchito amadula foni. Dipoziti inalipiridwa, ndipo atalowa ankabwerabe kudzaona ngati akugwirizana ndi mwininyumba.

Koma musaganize kuti akulipirirani renti mpaka kale ayi, ya renti ikapezeka ndi miyezi 6 basi komanso si aliyense. Nyumba ku Los Angeles ndi zodula komanso zosowa ndiye kudikira kwake konzekani. Poyamba imbani ku health plan yanu (bungwe limene limayendetsa Medi-Cal yanu) mufunse za Community Supports, lomwe ndi dzina la mathandizo ngati amenewa.